Ndalota ndikumeta mitu ya kumanzere

Usiku watha ndinalota maloto amene mpaka pano akundiseketsa mumtima, anzanga. Kwa amene simukundidziwa, ine ndine Jere, wometa tsitsi. Chidwalireni sitiroko, maso anga amaona bwinobwino, koma mutu umaiwala kuti kumanzere kulinso zinthu. Tsiku lina ndinawameta alamu anga, a Mofolo, mbali imodzi yokha n'kuwauza kuti adzuke, ndamaliza. Kuyambira tsikulo mkazi wanga Esinati anabisa makina ometera. Lachinayi likubwerali Mayi Chisale, amene amatiphunzitsanso ntchito za manja kuchipatala, adzandiyesa. Akakhutira, ndibwerera kushopu.

Ndiye m'malotomo ndinali m'chipinda chawo chija, pampando wapulasitiki. Anandiikira patebulo pepala la timizere tambirimbiri, lija amati ndidule kamzere kalikonse ndi bolopeni. Ndilo linandigwetsa ulendo wathawu, chifukwa theka lonse ndinalisiya osalikhudza.

Kenako pepalalo linayamba kukula. Linasefukira patebulo, n'kufika pansi, mpaka linasanduka bwalo la mpira. Timizere tija tinasanduka anthu okhala pamabenchi, aliyense tsitsi lili nyankhalala. Bolopeni ija inali makina anga akale aja, omata ndi tepi yakuda, ndipo ankalira ngakhale panalibe magetsi.

Ndinayamba kumeta. Ndinameta, ndinameta, tsitsi mpaka m'mawondo. Nditafika kumapeto ndinazimitsa makina.

"Ndamaliza, mayi."

Mayi Chisale anali atavala yunifolomu yawo, koma pakamwa anali ndi wezulo ngati oyimbira mpira. Anati, "Bambo Jere, mwatsimikiza? Tayambani mwapeza nsalu yofiira."

Kuchipatala amajambula mzere wofiira m'mphepete mwa pepala kuti ndiziyambira pamenepo. Ndiye ndinadziwa kuti nsaluyo ili kumanzere. Koma khosi linakana. Linauma ngati chitseko cha dzimbiri. Ndinagwira chibwano changa ndi dzanja n'kuyamba kukankha, thukuta lili kamukamu. Ndinkamva mantha, anzanga, poganiza kuti kumeneko ndikapeza mdima wokhawokha.

Khosi linalira kuti gwede, n'kutembenuka.

Abale inu! Kunali anthu. Mabenchi ena ambiri, odzaza. Nsalu yofiira inkauluka pagolo, ndipo amene anaigwira anali Esinati, atakwera pamwamba penipeni ndi chitenje chake cha kutchalitchi. Anthu onsewo ankangondidikira. Pabenchi yoyamba panali alamu anga aja, mutu udakali theka.

"Alamu, ndatopa n'kuvala chipewa," anatero.

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinayatsa makina n'kuyambira pansalu yofiira, mutu ndi mutu, osadumpha ngakhale umodzi. Wina anali mphunzitsi wanga wa sitandade faifi, wina sindinamuonepo, wina anali mbuzi, nayonso ndinaimeta.

Kenako Mayi Chisale anaimba wezulo n'kunena kuti ndijambule wotchi. Pepala panalibe, ndiye a Mofolo anaweramitsa mutu kuti ndijambule pomwepo. Masiku onse manambala anga amaunjikana mbali imodzi ngati anthu othawa mvula. Koma apa ndinalemba thwelofu pachipumi, sikisi kunkhongo, naini pamwamba pa khutu lakumanzere. Wotchiyo inayamba kuyenda.

Ndiye mwadzidzidzi tinali mumsika, m'kanjira kopapatiza, mbali zonse mazira ataunjikidwa m'mathireyi kufika m'mapewa. Mukudziwa mmene phewa langa lakumanzere lilili ndi mabala chifukwa chowomba mafelemu a zitseko. Mayi Chisale anali kutsogolo, akuyenda chafutambuyo, pepala lawo lolembapo lili m'manja.

"Ndodo yanu yoyendera isiyeni. Bwerani."

Ndinayenda. Ndinkayang'ana uku, n'kuyang'ana uku, phazi limodzilimodzi. Mazira ankagwedezeka koma silinagwe ndi limodzi lomwe. Nditatulukira, amayi ogulitsa anayamba nthungululu. Alamu anga anandinyamula paphewa, wotchi ikugundabe pamutu pawo, ndipo gulu lonse la ometedwa lija linkathamanga pambuyo pathu likuimba dzina langa. Tinafika pashopu yanga, chitseko chili chotsegula, mpando utapukutidwa. Mayi Chisale anakhala pampandopo, n'kuvula duku.

"Tsopano mumete ine."

Ndinakweza makina. Nditangoti ndiwakhudze, ndinamva phokoso la ndowa, Esinati akuigwetsa pakhonde, basi ndinadzidzimuka. Kunja kunali kutayera, ndipo khosi linkandiwawa ngati ndagwiradi ntchito.

Ndamufotokozera Esinati, iye wangoti ndi nkhawa ya Lachinayi, ndimwe mankhwala. Komabe ndinamuona akumwetulira potuluka. A Mofolo ndawaimbira foni, akuti mutu wawo sindidzaukhudzanso mpaka aone kalata ya kuchipatala.

Nanga inu mukuti bwanji? Kulota ukumeta khamu la anthu kumatanthauza chiyani? Ndipo n'chifukwa chiyani ndadzuka ndisanawamete mayi aja? Mbuzi ija musaivutikire, ndikuidziwa, ndi ya aneba.