Ba Fines ndi Chitini cha Mayina

Ba Fines Mvula anatsika basi ku Kafue mu 1974, kuchokera kwawo ku Katete, atanyamula mphasa ndi wailesi yopanda mabatire. Analowa ntchito kufakitale yoluka nsalu, ndipo kwa zaka makumi awiri ankayenda m'tauni ndi ulusi m'tsitsi monyadira. Kenako inafika nyengo yogulitsa makampani. Anthu anapatsidwa makalata owachotsa ntchito, anzawo ambiri n'kumanga akatundu kubwerera kum'mawa. Iwo anakana. Akazi awo, Clementina, anali atangoikidwa kumene m'manda a khonsolo, ndipo munthu sasiya mkazi wake yekha kuchilendo.

Motero anapempha ntchito yolondera mandawo. Zida zawo zinali khasu, burashi ndi penti yoyera yotsitsimutsira mayina pa zikwangwani zachitsulo. Anali ndi malamulo awo okhwima kuposa a khonsolo: kumanda saloza ndi chala, manda sadumpha, ndipo potuluka usambe m'manja pa mgolo wa pageti, kaya wavala suti.

Nthabwala anali nazo, amvekere anthu awo ndi abwino chifukwa sachita sitalaka. Koma mumtima anali ndi mantha amodzi. Mbali yakale ya manda, komwe kunagona anzawo a kufakitale, kunalibe wobwera kudzaona, poti abale onse anachoka. Ana awo omwe, wina anali ku Kitwe, wina ku Botswana. Tsiku limene khasu lidzawakanike, Clementina adzapaliridwa ndi yani?

Mmawa wina mu 2003, akulambula patsinde pa mthethe pafupi ndi manda a akazi awo, khasu linalira pachitsulo. Pansi pa miyala panali chitini cha mabisiketi. Mkati munali kagalimoto koseweretsa ana, pensulo ndi kabuku kolembedwa mayina asanu ndi awiri, lililonse ndi tsiku lake. Ba Fines anatuluka thukuta. Kwawo, dzina la munthu wamoyo likabisidwa kumanda, nkhani yake imakhala imodzi basi: ufiti.

Anachikoleka kumpini wa khasu, osachigwiranso ndi manja, mpaka kumsika kwa Purity, mwana wa aneba awo, wogulitsa tomato yemwenso ankatsogolera mapemphero kutchalitchi cha Pentekosite.

"Mu dzina la Yesu!" anakuwa Purity. "Ba tate, aba ni bantu bamene bafuna kupayiwa. Tizachishoka na moto pa Sabata."

Madzulo omwewo achinyamata a tchalitchi anachizungulira n'kuchidzudzula mpaka mawu kusasa. Purity atalimba mtima anatsegula kabuku kaja n'kukwinya nkhope.

"Manje ba tate, ni mfiti ya bwanji yamene ilemba ati 'zikomo, malo yabwino maningi'?"

"Mfiti za masiku ano zinapita kusukulu," anayankha Ba Fines, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Lachisanu, kutatsala masiku awiri kuti chitini chipse, pageti panaima galimoto. Munatuluka mwamuna ndi mkazi. Mwamunayo anaweramira kamakina kokhala ngati wailesi yaing'ono, akuyenda chokhotakhota ngati nkhuku yofuna poikira dzira. Mosaona n'komwe, anadumpha manda a Shadreck, mnzawo wa Ba Fines wa pamakina oluka.

"Imwe!" anabangula mkuluyo. "Bwelelani mupepese!"

"Pepani, ba mudala," anatero mlendoyo mwamanyazi. "Ndine Collins, nipima malo ku Lusaka. Aba ni bakazi banga, ba Gwendolyn. Tisakila chabe ka tini."

Anafotokoza kuti anali masewera atsopano. Munthu amabisa chitini, n'kulemba pa intaneti manambala a malowo. Ena amatsata manambalawo ndi kamakinako, akachipeza amalemba dzina lawo m'kabuku n'kuchibwezera. Ichi anabisa mzungu wina amene anagwirako ntchito miyezi ingapo kumafakitale. Ba Fines anakumbukira mapemphero a dzulo lake, makutu n'kuwatentha. Safunsa anadya phula, ndipo apa phula anali atadya onse awiri.

Komabe mkwiyo sunathe. "Manje munapempha ndani?"

"Ninafunsa ku khonsolo. Banakamba ati kulibe lamulo yolesa."

"Lamulo kulibe. Nanga nsoni, nazo kulibe? Pa nyumba ya bene mungena kopanda odi?"

Gwendolyn anagwada pafumbi n'kuwomba m'manja kupepesa, ndipo mtima wa Ba Fines unagwa pansi. Anafunsa ngati anthu amachokadi kutali chifukwa cha chitini chabe. Collins anati inde, ena ku Livingstone, ena kunja kwa dziko. Mkuluyo anayang'ana mbali yakale ija, udzu utafika m'chiuno. Zinawapweteka kuti chitini cha mabisiketi chinali ndi alendo ochuluka kuposa Shadreck.

"Mvelani," anatero. "Tini izankala pa geti, kumbuyo kwa dramu, osati pakati pa bakufa. Wamene ayifuna atenge kambwili, alimile manda imozi yamene ilibe bene, abelenge zina mokweza, asambe ku manja. Ndiye alembe mu buku."

Collins anayamba yekha, pa manda a Shadreck omwewo, thukuta kamukamu, mkazi wake akumuseka kagwiridwe ka khasu. Atabwerera ku Lusaka analemba lamulolo pa intaneti. Purity anavomera monyinyirika kuti chitini chisapse, koma anachipakabe mafuta odzozera, poti sudziwa.

Alendo sanali ambiri, mwina awiri pamwezi, koma ankabwera. Ba Fines ankawaimirira kumbuyo ngati kapitawo, kuwakonza katchulidwe ka mayina ndi kuwauza kuti uyu anali katswiri wa mpira, uyo sankabweza moni. Manda a Clementina okha sankalola munthu kuwakhudza. Imeneyo inali ntchito yawo.

Dzinja la 2005 mwendo unawatupa, nagona miyezi iwiri. Mvula ikamagunda pamalata, iwo ankangoona udzu ukumera pa Clementina, n'kutembenukira kukhoma kuti Purity, amene ankawadwazika, asaone misozi. Tsiku loyamba kudzuka anatenga ndodo, natsimphina mpaka kumanda.

Anapeza pamanda pa akazi awo pali mbee, dothi lounjikidwa bwino, miyala yoyalidwa m'mbali. Anabwerera pageti, natsegula chitini. Patsamba lomaliza panali dzanja limene sanalionepo, dzina limene sanalimvepo: "Mlonda sitinawapeze. Udzu unali utakula pa Amayi Clementina Mvula, ndiye tapalira pamenepo. Dzina tawerenga mokweza. Davison ndi Mwaiwathu."

Ba Fines anakhala pansi pafupi ndi mgolo, akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Clementina," anaitana cha kumthethe kuja, "wayamba kulandila balendo ine kulibe?"