Mawu anga osayankha moni

Nditangoyamba ntchito ku ofesi ya bungwe la asodzi ndi alimi ku Mbamba Bay, anandipatsa tebulo la pafupi ndi khomo, kompyuta, ndi zomvera za m'makutu. Sukulu ndinaphunzira kumudzi ku Kihagara, kumene makolo anga anakhazikika atachoka ku Malawi, choncho kompyutayo ndinkaigwira mwamantha ngati dzira la mwini.

Ife a muofesi tinkalemberana ndi kuimbirana pa pulogalamu imodzi ya pakompyuta. Koma pulogalamuyo inkangothera pakati pa ife tokha. Msodzi wa ku Lituhi kapena mlimi wa ku Mpepo, ndi kafoni kake ka mabatani, sakanatipeza pamenepo. Ankaimbira foni ya m'thumba ya wantchito amene ankamudziwa, ndipo wantchitoyo akachokapo, uthenga unkachoka naye.

Ndiye kunabwera fundi, katswiri wa makina wa ku Songea, kudzalumikiza pulogalamuyo ndi foni zakunja. Ofesi inalandira nambala imodzi, yoti aliyense akaimba, foni izilira pakompyuta yanga. Fundiyo anafunanso mawu olonjera amene makina aziyamba kunena foni isanafike kwa ine. Amayi oyang'anira ofesi analoza ine, poti ndimalankhula Chiswahili ndi Chichewa chomwe.

"Kweza mawu, mlongo," anatero fundi ndikujambula. "Sukuulula machimo kwa ansembe pano."

Ndinabwereza mpaka anakhutira. Mawuwo anali ochepa: mwafika ku ofesi ya bungwe, dikirani pang'ono. Onse anandiyamikira, ine n'kumangoyang'ana pansi. Lamlungu nditapita kumudzi ndinawalembera amayi anga nambalayo pachitseko ndi khala.

Kwathu munthu saimba foni kuti alankhule. Amabipu: amaimba, ikalira kamodzi n'kudula, kuti wa mayunitsi amuimbire. Amayi anga ankatero nthawi zonse. Koma sabata imeneyo nambala yawo sinaoneke pakompyuta yanga, ndipo ndinkangoti atanganidwa ndi kumunda.

Lamlungu lotsatira ndinawapeza akusenda chinangwa chovuula kuseri kwa nyumba. Moni anandiyankha osadzutsa mutu.

"Ndinakuimbira," anatero. "Isanalire n'komwe, unayankha ndiwe. Ndikuti wadzuka bwanji mwanawe, iwe n'kumangonena zako, ati dikirani. Ndinadula. M'mawa mwake chimodzimodzi. Ine wondiuza kudikira ndiwe?"

"Si ine amayi, ndi makina."

"Mawu ako sindiwadziwa? Ndinayamba kuwamva usanadziwe kutchula dzina lako." Anaponya chinangwa m'beseni. "Usadandaule, sindikuvutitsanso pantchito."

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Ndinabwerera ku Mbamba Bay ndikudziwa kuti amayi saimbanso, ndipo mumtima mwawo mwana wawo wayamba kunyada.

Ku ofesi ndinasowa poyambira. Chinthu chimene onse anachikondwerera, ine wobwera dzulo ndikachinene bwanji? Ndinapukuta tebulo, ndinakonza tiyi. Mwamwayi fundi anabweranso kudzamaliza zina. Ndinaimirira pambali pake mpaka anacheuka.

"Samahani fundi," ndinapepesa m'Chiswahili. "Kodi makinawa sangadikire kaye osayankha?"

Ndinafotokoza za amayi. Oyang'anira ofesi, amene ankamvetsera ali pakhomo, anaseka mpaka kugwira chitseko.

"N'chifukwa chake apongozi anga sanandipatse mkono kutchalitchi! Ati ofesi yanu ili ndi mtsikana wamwano."

Fundi anati zimenezo n'zosavuta, kungoti m'maofesi a m'tauni amakonda mawu olonjera, ndiye anangoika. Anachotsa mawu anga, n'kukonza kuti foni izilira kwa ine molunjika, ndipo woimba akadula, nambala yake izitsala pakompyuta kuti ndimuimbire. Sizinatenge nthawi yoti tiyi n'kuzizira.

"Tiyese," anatero. "Aimbireni mayiwo."

Ndinavala zomvera zija, n'kulemba nambala ya amayi. Inalira nthawi yaitali. Kenako ndinamva tambala ndi mphepo, koma munthu osalankhula.

"Mwaswera bwanji, amayi?"



"Kodi ndiwe," anafunsa pomaliza, "kapena ndi uja?"

"Ndine, amayi."

"Nkhuku yanga yakuda ikufungatira pati?"

"Pansi pa bedi langa, m'dengu lothyoka."

"Eya. Taswera bwino, kaya iwe. Uja mwamuthamangitsa?"

"Tamuchotsa."

"Mwachita bwino. Analibe mwambo."

Fundi ndi oyang'anira ofesi sankamva mbali ya amayi, ankangoona ine ndikuseka ndi misozi m'maso, dzanja lili pakamwa.

M'mawa mwake, ndisanamalize n'komwe kutsegula mazenera, kompyuta inalira kamodzi n'kusiya. Nambala ya amayi inali pamenepo. Ndinakhala pansi bwinobwino, n'kuwaimbira. Anandifunsa za kumene ndimagona, za chifuwa chimene ndinali nacho, ngati ndadya. Atatha zonsezo ndi pamene ananena chimene anaimbira: aneba athu ankafunsa ngati mbewu ya chimanga yafika. Ndinati yafika, abwere ndi thumba.