Utoto wa Pamutu pa Chiperoni

A Amosi Namakhwa anagwira ntchito pa esiteti zaka makumi atatu ndi chimodzi osathyolako tsamba la tiyi ngakhale limodzi. Ntchito yawo inali agalu. Ankawasambitsa, kuwachotsa nkhupakupa ndi kuwaphikira mpunga wa mafupa kunyumba za mamanijala kumtunda kuja, kumene galu amagona pabulangete ndipo akatsokomola amakwera galimoto kupita kwa dokotala ku Blantyre. Kumunsi, kumalaini a antchito, galu amangogendedwa. Esiteti ndi imodzi koma malamulo a agalu ndi awiri, ndipo palibe bwana amene anachitapo nazo manyazi.

Atapuma ntchito, manijala wina posamuka anawasiyira kamwana ka galu kotuwa ngati nkhungu, kotsala anzake onse atasankhidwa. Ndiko kuthokoza konse kumene anaona. Anakatcha Chiperoni. Akazi awo a Lestina anali atamwalira, ndipo mwana wawo Keziya, wokwatiwa ku Goliati, ankawaitana kuti akakhale naye. Iwo ankakana chifukwa mkamwini wawo sankafuna galu pakhomo. M'kanyumba kawo, kumalire kwa minda ya tiyi, ankangokhalamo awiri, iwo ndi galu wawoyo.

Loweruka lililonse ankamusambitsa m'beseni. A Debora, oyandikana nawo nyumba, popita kumjigo ankaima n'kufunsa ngati mkwatibwiyo amugulira kale diresi, n'kuwonjezera kuti sopo ameneyo akanayeretsa ana atatu a m'mudzimo. A Amosi ankangoti iwo sanaphunzire kusunga galu wauve.

Chaka chatha galu wachiwewe analuma mwana kumalaini. Obaya katemera anafika Lachinayi, ndipo a Amosi anali oyamba pamzere. Chiperoni atabayidwa anamupaka utoto wofiira pamutu, mwini wake n'kupatsidwa kakhadi. A Amosi anamva ndithu kuti agalu osabayidwa adzawomberedwa. Koma kumtunda kumene anakalambira, umboni wa katemera unali pepala, osati utoto. Kakhadiko anakakulunga m'pulasitiki n'kukaika m'Baibulo. Loweruka anatenga burashi, nakhula utotowo mpaka ubweya unayera mbee.

Lolemba m'mawa anapita kuchigayo. Chiperoni anagona m'mbali mwa msewu wa thirakitala kudikira mbuye wake, monga ankachitira masiku onse. Alonda a esiteti anadutsa pomwepo ndi mfuti. Mkulu wawo, a Lusayo, anali mlendo wa miyezi itatu ndipo sankadziwa kuti a Amosi ndi ndani. A Debora anatula ndowa n'kuthamanga akukuwa kuti galu ameneyo ngwobayidwa, amasamba kuposa alondawo. Anachedwa: mfuti inali italira kale.

A Amosi atafika sanalire. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kakhadi kaja, n'kupatsa a Lusayo.

"Achimwene, tawerengani apa."

"Madala, ife tinauzidwa kuyang'ana pamutu. Utoto munauchotseranji?"

"Linali litsiro."

Agalu a kumtunda sanapakidwe utoto ngakhale mmodzi, ndipo palibe amene anawomberedwa. A Amosi anapita ku ofesi katatu kukafunsa chifukwa chake. Katatu konse anawakhazika pabenchi n'kuwauza kuti bwana ali pamsonkhano. Ulendo wachitatuwo, chigalu cha manijala chinatsika pagalimoto, chinawanunkhiza m'manja, n'kutsamiritsa mutu pabondo pawo. Zala zawo zinafufuza zokha kuseri kwa khutu n'kuzula nkhupakupa yonenepa. Anaiphwanya ndi chikhadabo, nadzuka, n'kumapita osadikiranso.

Mwezi wotsatira anatumiza mawu kwa Keziya kuti chowaletsa chija chatha. Beseni ndi burashi anasiyira a Debora, amene anazilandira ndi manja awiri. Ku Goliati amagona m'kachipinda kosungiramo chimanga, ndipo aliyense wobwera kudzawaona amayamba amuonetsa kakhadi kaja, tsiku la katemera likuwerengeka bwinobwino.