Matebulo Anayi a mu Ofesi ya ku Mitundu

Kompyuta inafika mu ofesi yathu ku Mitundu patangopita zaka zochepa dziko litalowa m'zipani zambiri. Masiku amenewo mabungwe ankabadwa paliponse, ndipo lathu linkathandiza makalabu a alimi ang'onoang'ono amene anali atangololedwa kulima fodya paokha. Alembi tinalipo awiri, ine ndi mayi wina amene tinkapemphera mpingo umodzi. Anali wamkulu kwa ine, wamasiye wa ana atatu, ndipo ndinkawaitana kuti achemwali. Ine ndinkasamala mayina a makalabu ndi malipoti a alangizi. Iwo ankatayipa makalata ndi zokambirana za pa misonkhano.

Kompyutayo inali imodzi, ndiye miyezi yoyamba inatidanitsa. Ndikangotuluka kukalandira mlimi pakhomo, pobwera ndinkapeza ntchito yanga yakwiririka pansi pa makalata awo, mwinanso aitseka osasunga. Nanenso ndinkawachita zomwezo mosadziwa.

Tsiku lina kunabwera bambo wa ku tauni kudzakonza pulinta. Ndinawafunsa za timabokosi tinayi timene tinali m'munsi mwa sikirini, timene tonse tinkaopa kutikhudza.

"Amenewo ndi matebulo, mayi," anatero. "Kompyuta ndi imodzi, koma muli matebulo anayi. Mukadina apa mwapita pa tebulo lina, zimene munasiya pa loyamba zija zili momwemo."

Anafulumira kukakwera minibasi, zina zonse ndinachita kufufuza ndekha pa nthawi ya chakudya chamasana. Ndinatenga matebulo awiri oyamba kukhala anga, limodzi la makalabu, lina la malipoti, ndi kuwapatsa mtundu wobiriwira. Awiri enawo ndinawapatsa achemwali, ofiirira, chifukwa ndi mtundu umene ankaukonda. Tsiku loyamba nditadina kabokosi, kalata yawo inazimiririka ndipo anagwira pamutu.

"Mwandiphera kalata! Abwana akuifuna lero lomwe!"

"Ili pa tebulo lanu, achemwali. Dinani apa."

Itabwerera anaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo mkangano unatha. Wina akadzuka pampando mnzake ankangokhala, kudina kabokosi kake ndi kupitiriza pamene analekezera. Ntchito imene inkatifikitsa Loweruka tinayamba kuimaliza Lachinayi, magetsi asanatithimire. Masana tinkakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, kumadya mbatata yootcha ndi kuuzana za m'nyumba zathu, zina zimene ngakhale amuna anga sindinkawauza.

Chaka chotsatira, fodya atangoyamba kupita ku okushoni, mayi anga ku Nathenje anagwa m'munda n'kufa ziwalo mbali imodzi. Mwana wamkazi ndinali ndekha. Abwana anazengereza kundimasula popeza inali nyengo ya ntchito yambiri, koma achemwali anandiyankhulira.

"Apite, abwana. Ntchito yawo ndiigwira ine. Mayi wa munthu sadikira."

Ndinawaonetsa zonse za pa matebulo anga, n'kunyamuka.

Loweruka lina achemwali anabwera kudzationa ku Nathenje atanyamula shuga ndi sopo. Anapemphera ndi mayi, anandithandiza kuwasambitsa. Kenako tinakhala pakhonde, ndipo ine ndinalira. Ndinawauza kuti ndatopa, kuti sindikudziwa ngati ndidzathe kusenza ntchito ndi matenda pamodzi. Anandigwira dzanja. Asananyamuke anandifunsa mmene amasamutsira chinthu kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina, ndi mmene amasinthira mayina a matebulo. Ndinawajambulira pansi ndi kamtengo, ndikusangalala kuti akuphunzira.

Mayi atayamba kukhala tsonga okha, azakhali anga anavomera kuwasamala, ine n'kubwerera ku ntchito. Ndinalowa mu ofesi m'mawa ndi mtedza umene ndinawatengera achemwali. Anandilonjera maso ali pa kiyibodi. Nditasuzumira pa sikirini ndinaona kuti matebulo onse anayi ndi ofiirira, ndipo mayina ake ndi ena. Ndisanafunse, abwana anandiitana.

Anandiuza kuti ndikhale pansi, chinthu chimene sankachita. Anati othandiza bungwe achepetsa thandizo, ndipo akuluakulu a ku likulu anabwera kudzaona malo ochotsa anthu.

"Anzanu anawaonetsa njira imene anatulukira, ya matebulo ija," anatero. "Akuluakulu anaikonda kwambiri. Zaoneka kuti mlembi mmodzi akwanira."

"Imene anatulukira ndani, abwana?"

Anandiyang'ana modabwa, n'kupitiriza. "Komanso atiuza kuti munanena nokha kuti ntchito yakulemerani, kuti mtima wanu uli kwa mayi anu. Taona kuti n'kukuthandizani."

Za matebulo ndikanatsutsa. Koma mawu enawo analidi anga, ndinawayankhula ndikulira pakhonde la mayi anga, kwa munthu amene anali atangondithandiza kuwasambitsa.

Ndinabwerera mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Achemwali, zoona?"

Anasiya kutayipa, koma sanatembenuke. "Anandifunsa ngati ndingathe ndekha. Mukanafuna ndiname? Ndinali nditatha kale."

"Nanga za pakhonde zija anakufunsaninso?"

Kenako anati, "Inu muli ndi amuna anu. Ine ana aja akuyang'ana ine ndekha."

"Mukanandiuza. Munabwera mpaka kwathu, munadya nafe."

"Pamenepo n'kuti ndisanaganize," anatero motsitsa mawu.

Mpaka lero sindidziwa ngati ankanena zoona. Mafunso a pakhonde aja amandibwerera, ndipo nthawi zina ndimati ankangofuna kugwira bwino ntchito yanga, nthawi zina ndimati anabwera atakonzeka kale.

Abwana anandilola kumaliza mwezi. Masiku amenewo anali owawa kuposa tsiku londichotsa. Ndinkakhala pa benchi ya alendo kusanja mapepala, achemwali akudumpha kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina mwachangu. Alangizi akabwera ankawayamikira, ena ankapempha kuti awaphunzitse. Amuna anga anandiuza kuti ndikanene kwa akulu a mpingo. Ndinakana. Ndikanakanena kuti andibera chiyani? Timabokosi ta pa sikirini?

Mwezi utatha ndinasamukira ku Nathenje ndi ana, amuna anga ankabwera kumathero a sabata. Ndinkalima munda wa mayi ndi kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu waukulu. Kompyuta ndinadzaigwiranso patapita zaka zambiri, pa sukulu ina ya pulaiveti imene inkafuna mlembi.

Mayi anamwalira dzinja lotsatira. Pa maliro amayi a mpingo wathu wa ku Mitundu anabwera pa lole, ndipo achemwali anali nawo. Anatunga madzi, anaimba nyimbo pamodzi ndi anzawo. Titachokera kumanda analowa m'nyumba ya siwa, anagwada patsogolo panga n'kundigwira dzanja.

"Pepani," anatero, ndipo anachedwa kundisiya.

Sindinawafunse kuti akupepesa chiti. Kumbuyo kwawo kunali mzere wa anthu odikira kundipepesa. Ndinayankha kuti zikomo, monga ndinayankhira aliyense, n'kutambasulira dzanja mayi wotsatira.