Abakha Atatu a pa Khombedza

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, chaka chimene mvula inathawa chimanga chikungomasula. Kwathu ku Chitala bambo anga ankadziwika ndi agalu. Analipo atatu: Sindiyankha, nkhalamba yaikazi, ndi ana ake, Akundida ndi Tiwonenji. Ntchito yawo inali kulondera minda ya anthu. Bambo akangoti "Gonani!", iwo ankangoti phee m'mizere ngati zitsa, kudikira kuti anyani alowe. Kenako likhweru limodzi, fumbi kobo! Eni minda ankatigawirako chimanga. Koma chaka chimenecho anyani nawonso analibe choba, ndiye agalu ntchito inawathera limodzi ndi mwini wawo.

M'nyumba mutatsala madeya okha, tinamva kuti malo ena ogona alendo ku Senga Bay akufuna agalu olondera. Mphunzitsi wa agalu wochokera ku Lilongwe amadzawayesa Loweruka m'mawa. Opambana akaphunzitsidwa, ndipo mwini wawo alembedwa ulonda. Bambo anawasambitsa, anawachotsa nkhupakupa imodziimodzi, n'kundiuza malamulo a ulendo: galu wapaulendo asadye m'mawa, aliyense akhale payekha kuti asalumane, ndipo asafunditsidwe, chifukwa galu amazizira ndi lilime.

Tinafika pa Khombedza dzuwa likutuluka. Minibasi zonse zinatikana. "Madala, ili si khola," anatero kondakitala wina. Akabaza ankangoseka. Dalaivala wa lole yonyamula amayi okagula usipa kunyanja sanadikire n'komwe kuti bambo amalize kupempha: "Galu ayi. Makasitomala anga amaswali." Ambiri mwa amayiwo anali Asilamu, ndipo kwa iwo malovu a galu amadetsa chovala.

Apa mpamene mutu wanga unagwira ntchito, mutu womwe aphunzitsi amati muli mphepo yokhayokha. Ndinathamangira kwa azakhali amene amagulitsa nkhuku kuseri kwa msika, ndinabwereka madengu atatu akuluakulu ndi masaka.

"Iwe, ndanena kuti osafunditsa," anatero bambo.

"Ababa, sankhani: afunde kapena atsale."

Anayang'ana dzuwa, anayang'ana msewu. Kenako anawerama n'kunena motsitsa, "Gonani."

Lole yachiwiri itaima, kondakitala ananyamula dengu limodzi n'kupepesuka nalo.

"Muli chiyani umu?"

"Abakha, achimwene."

"Abakha olemera chonchi?"

"Ndi achizungu."

Anatchera khutu. M'dengumo munkamveka haa, haa, ndendende mmene bakha wamphongo amachitira. Anagwedeza mutu ngati katswiri wa abakha, ndipo tinakwera.

Unali mwezi wa Okutobala, zitsulo za lole zikuwotcha matako. Pambali panga panakhala mayi ena onenepa otchedwa a Asiyatu. Anandinyemera chitumbuwa, n'kutsamiritsa chigongono chawo padengu la Akundida.

"Abakha akowa akupuma ngati munthu wokwera phiri."

"Ali ndi chifuwa, mayi."

Ndinadziluma mlomo mpaka kutuluka magazi kuti ndisaseke. M'moyo wanga wonse wa zachibwana, pamenepo ndinali pansonga.

Titadutsa tauni ya Salima, mpweya wa m'dengu la Sindiyankha unasintha. Unayamba kuthamanga, kenako kudukaduka. Ndinalowetsa chala pansi pa saka. Lilime lake linali lotentha, louma ngati chikopa cha ng'oma. Ndinayang'ana bambo, ndipo ndinaona kuti amva kale. Kuvundukula kunali kutsitsidwa panjira ndi kuphonya ntchito. Kusavundukula kunali kukafika ndi mtembo. Iwo anangokhala, manja ali pamaondo.

Ndiye ndinawasankhira. Ndipo poti chinthu ukachita uzichita chonse, ndinakoka masaka onse atatu nthawi imodzi n'kukuwa, "Amayi inu, abakha asanduka!"

Zimene zinachitika m'lolemo ndidzafa nazo ndikuseka. Kondakitala, katswiri wa abakha uja, anapezeka ali padenga pa dalaivala osadziwa kuti wakwera bwanji. Amayi anaunjikana kungodya imodzi, mabeseni akulira ngati ng'oma za chinamwali. "Astaghafirullah! Mulungu atikhululukire!" anakuwa motero amayiwo. Akundida, pofuna kuthokoza, anatulutsa mutu n'kunyambita chigongono cha a Asiyatu.

Anatitsitsa pomwepo, pakati pa msewu wopanda ndi mthunzi womwe. A Asiyatu anandilozera chala: "Mwana wopanda adabu iwe! Ndakupatsa chitumbuwa changa! Nsalu iyi ndiswali nayo bwanji?" Koma lole isananyamuke anayang'ana Sindiyankha ali thasa m'mbali mwa msewu. Anathira madzi a m'chigubu chawo m'kabeseni n'kupatsira bambo. "Mumwetseni. Kabeseniko musandibwezere."

Njira yotsalayo tinayenda wapansi. Phula linali ngati chiwaya, agalu awiri aang'ono aja ankayenda modumphadumpha, ndipo bambo anasenza Sindiyankha pamapewa ngati mbuzi. Tinafika dzuwa litapendeka, mayeso atatha.

Pansi pa mtengo panaima galimoto yokhala ndi tizipinda tachitsulo, galu aliyense chake, denga pamwamba, mphepo ikudutsa, mbale ya madzi pakhomo. Agalu a m'menemo anali onona, ndipo anatiyang'ana ngati mmene ana a m'tauni amatiyang'anira ife. Bambo anavula chipewa pamaso pa mphunzitsi wa agalu uja.

"Bwana, mungowaonako pang'ono. Amenewa amagwira ntchito."

Mphunzitsiyo sanali munthu woipa. Anati, "Chabwino madala, adzutseni."

Bambo anaimba likhweru lija limene linkabalalitsa anyani phiri lonse. Tiwonenji anadzuka, anaponda kawiri, n'kukhalanso pansi kunyambita mapazi. Akundida anangogwedeza mchira. Sindiyankha sanadzutse ndi mutu womwe. Bambo anaimbanso, koma milomo inali itauma, kunangotuluka mpweya.

"Pepani madala," anatero mphunzitsi uja, "agaluwa atopa."

Bambo anavala chipewa chawo, anayang'ana agalu awo ali pamchenga, n'kunena, "Gonani." Anali atagona kale.

Sindiyankha anafa sabata yomweyo. Ana ake tinawapereka kwa anthu amene akanatha kuwadyetsa, ndipo bambo anapita kukagwira ganyu kuminda ya fodya.

Anthu amandifunsa ngati ndimadandaula. Ndidandaule chiyani? Popanda abakha anga tikanathera pa Khombedza, agalu osanunkhizako n'komwe nyanja. Mawa atati abwerenso makondakitala, ndiwauza kuti ndi nkhanga. Chimene ndikuchimvetsa tsopano n'chakuti mpikisano uja sunayambire ku Senga Bay. Unayambira pa siteji, pamene agalu ena ankakwera galimoto yawoyawo ife tikupempha malo. Galu wa mphawi amagonja asanafike, ndipo palibe bodza, ngakhale lokoma ngati langa, limene lingamufikitse ali ndi mphamvu.

Kusukulu mpaka lero amanditcha Bakha, ndipo ndimayankha monyadira. Nkhaniyi ndaifotokoza m'kalasi, pamjigo, ngakhale kumaliro, ndipo paliponse anthu amagwa nayo ndi phwete. Munthu mmodzi yekha sanasekepo. Akabwera kuchokera ku fodya amakaima m'mphepete mwa munda, anyani akukudzula chimanga poyera, iwo osaimba likhweru.