Mapu a Simenti a Ba Daka

Amene anaphunzira pasukulu ina ya pulayimale ku Kabwata mu Lusaka zaka zija, mukawatchulira Amock Daka, choyamba amakumbukira ketulo. Ba Daka anali mphunzitsi wa mbiri ya dziko ndi za malo, munthu wamtali, wowonda, wa jekete limodzi chilimwe ndi dzinja. Ketulo yawo yakuda ija sinaphikepo tiyi. Inali ya mitsinje.

Chaka cha ufulu, 1964, anzawo ali kalikiliki kuphunzitsa ana kuguba ndi nyimbo ya fuko, iwo anapempha simenti kwa makolo n'kuumba dziko lonse la Zambia pansi, kuseli kwa ofesi ya ahedi. Linali lalikulu moti ana makumi anayi ankakwanapo. Mapiri a Muchinga anatukuka ngati mizere ya mbatata, ndipo mitsinje anaikumba ndi supuni simenti isanaume. Akathira madzi a m'ketulo kumtunda, ana ankathamanga m'mbali kuperekeza Luangwa mpaka ikagwere mu Zambezi. Mayina a matauni atasintha anabwera ndi tchizulo, nagoba Fort Jameson n'kulemba Chipata, nagoba Broken Hill n'kulemba Kabwe, uku akuimba mluzu.

Kum'mawa kwa mapuwo, pafupi ndi malire a Mozambique, anakanikizapo chitsekerero cha botolo.

"Apa ndi pa Kambwiri, boma la Chadiza," ankatero, akuloza ndi nsonga ya nsapato. "Mchombo wanga uli apa, amayi anga ali apa, ndipo tsiku langa likadzakwana mudzandigoneka apa."

Ankanena zimenezi chaka ndi chaka mpaka ana ankawatsanzira panjira. Koma sikunali kungolankhula. Munthuyu sankasirira galimoto kapena nyumba ya ku Woodlands. Ankangofuna kudzagona kwawo, pambali pa mayi wawo.

Anali ndi mwambo wawo. Tsiku loyamba la sukulu chaka chilichonse, mu Januwale, ankatulutsa ana a Giredi 6 n'kulamula kuti aliyense akaime kwawo. Pamenepo ndiye chipwirikiti: uyu ku Kasama, uyu ku Mongu, asanu akukankhana pa Petauke. Aliyense ankatchula mudzi wake, mfumu yake ndi mtsinje umene agogo ake amatungako madzi. Kadontho kofiira ka Lusaka kankatsala kopanda munthu, ndipo Ba Daka ankakondwera nazo.

"Lusaka si kwawo kwa munthu," ankatero. "Kuno tinangobwera kudzagwira ntchito. Bwerezani."

Ana ankabwereza.

Mu 1973, chaka chimene dziko linayamba kuyenda ndi chipani chimodzi, m'kalasimo munalowa mwana wawo yekhayo, Beatrice. Anzake atabalalika pamapu, iye anayenda pang'onopang'ono n'kukaima pa kadontho kofiira.

"Beatrice, kwanu n'kuti?"

"Ine ninabadwila kuno, atate. Kumunzi sinikuziba."

Anzake anaseka. Ba Daka anathyola kashamu, namukwapula katatu m'miyendo, kenako anamukoka padzanja mpaka pa chitsekerero chija. Mwanayo sanalire. Anangoima pamene anamuimikapo, maso pansi. Ndipo chowawa n'chakuti sananame, chifukwa bambo akewo anali asanamutengerepo kumudzi ngakhale kamodzi.

Tisawanenere zoipa, Ba Daka sanali munthu wankhanza. Anali mtchona basi, ngati ambiri amene anabwera m'tauni ndi sutikesi imodzi n'kumati chaka chamawa. Tchuthi chilichonse chinkabwera ndi chifukwa chake: mapepala oti achonge, msonkhano wa chipani umene mphunzitsi sakanayerekeza kujomba, mvula yadula msewu, jekete lang'ambika ndipo munthu wa ku Lusaka sangakaonekere chonchi kwa abale. Mu Novembala 1974 telegalamu inawapeza akuyang'anira mayeso a Giredi 7. Mayi wawo anali atamwalira. Anati maliro awaphonya, adzapita tsiku lometa. Tsiku lometa linadutsa, anati adzapita ndi simenti kukamanga chiliza. Mawa ndi mawa lomwelo. Manyazi anakula, iwo anasiya kulemba makalata, nawonso a kumudzi anasiya kuyankha.

Mkazi wawo, Emmy, anamwalira mu 1981 ndipo anaikidwa ku Leopards Hill. Pamandapo Ba Daka anauza akulu a mpingo kuti, "Tangomusungitsa kuno." Beatrice anamva mawuwo ndipo anamupweteka.

Atapuma pantchito kumapeto kwa 1987, anabweza makiyi a nyumba ya boma. Wailesi masiku amenewo inkangoti anthu abwerere kumudzi akalime, ndipo Ba Daka ankagwedeza mutu ngati mawuwo analemba ndi iwo. Beatrice anali atakwatiwa ku Libala, mu Lusaka momwemo, akugwira ntchito yotayipa muofesi ina mu Cairo Road.

"Atate, khalani ndi ife," anawapempha. "Mukawapeza ndani kumeneko?"

"Mama, ndife m'tauni ngati wopanda kwawo? Mudziwo ndawuphunzitsa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndingakafike nditatsinzina."

Mu Ogasiti ananyamuka ndi thiranki yawo, mapu a pepala ali m'thumba la jekete. Basi inawafikitsa ku Chipata, ina ku Chadiza, lole inawasiya pamphambano. Thiranki anaisungitsa pagolosale n'kuyamba wapansi. Phiri analizindikira, ndipo akanatha kukuuzani kutalika kwake. Kamtsinje nako anakazindikira. Atawoloka anapeza mitengo ya mango itaima mozungulira, pakati pake udzu wofika m'chiuno. Linali bwinja.

Chapatali panali mayi wina akumweta udzu. Anawalonjera mwaulemu n'kuwafotokozera kuti a kwa Kambwiri anasamukira kumsewu kalekale, ndipo zigawenga za kutsidya kwa malire zitayamba kutentha midzi anabalalika, ena ku Katete, ena kaya kuti. Iye anali wobwera, sankadziwa aliyense wa iwo.

"Nanga manda?" anafunsa Ba Daka.

Mayiyo analoza nkhalango ina kumadzulo, kenako ina kumpoto. "Akuti ina mwa ziwirizi ndi manda. Ife sitilowa monse muwiri, poti sitidziwa kuti ndi iti."

Ba Daka anatulutsa mapu aja, nawafunyulula, nawatembenuza uku ndi uku. Panali phiri, panali kamtsinje, basi. Iwo anachoka ali mnyamata wa sukulu ya mishoni, asanalowepo kumanda. Ndipo kumanda salowa munthu yekha popanda eni mudzi, koma eni mudziwo ndiye kunalibe. Anapita kukaima kunja kwa nkhalango ya kumadzulo, navula chipewa.

"Amayi, ndine Amock. Ndabwera. Ndachedwa."

Kenako anayenda mpaka nkhalango ya kumpoto, nanena mawu omwewo, chifukwa sankadziwa kuti akumvera kuti. Kumeneko ndiye analira kwambiri, munthu wamkulu wa imvi, mayi uja atasiya kumweta n'kutembenukira kumbali.

Patapita sabata anatulukira ku Libala, thiranki isanatsegulidwe. Beatrice sanawafunse kanthu. Anangowatenthetsera madzi osamba n'kuwayalira m'chipinda cha ana.

Januwale wotsatira, Chisenga Chiti, amene kale anali mwana wawo wa sukulu ndipo tsopano ankaphunzitsa kalasi lawo lija, anawaitana kuti adzaone kuti mwambo sunafe. Beatrice anapempha chilolezo kuntchito m'mawawo n'kuwaperekeza. Simenti inali itang'aluka, mu Kafue mutamera udzu, koma chitsekerero chinalipo, chadzimbiri. Ana anathamangira kwawo monga mwa masiku onse, ndipo kadontho kofiira kanatsala kokha.

"Nanga inu aphunzitsi," anatero Chisenga mwachimwemwe, posadziwa za ulendo uja, "asonyezeni anawa kwanu."

Ba Daka anakwera pamapu. Anayenda cha kum'mawa mpaka pa chitsekerero, nachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anabwerera, nawoloka Luangwa, nakaima pa Lusaka.

Ana anaganiza kuti mdalayo akuwayesa, choncho anayankha onse pamodzi, mokweza ndi mokondwa: "Lusaka si kwawo kwa munthu!"

Chisenga anaona nkhope yawo n'kuyamba kutontholetsa ana, koma Ba Daka anakweza dzanja.

"Asiyeni. Mawuwo ndi anga." Anatembenukira kwa mwana wawo amene anaima pansi pa mtengo. "Mama, tsiku lija unakhoza. Ndinakukwapula ulibe mlandu."

Beatrice anavula nsapato zake za kuofesi, nakwera pamapu, nadzaima nawo limodzi. Kadonthoko kanali kakang'ono, moti anachita kugwirana kuti akwanepo.

Ba Daka anamwalira nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Mkulu wa mpingo amene ankalemba mbiri yokawerenga kumanda anabwera kwa Beatrice ndi kope lake kudzafunsa, monga afunsira pamaliro aliwonse, mudzi ndi boma la womwalira. 

"Lembani Kambwiri, boma la Chadiza," anatero Beatrice, misozi ikutsika. "Atate akalimve dzinalo komweko kumanda."

Anawagoneka ku Leopards Hill, mizere inayi kuchokera pamene pali Emmy.