Madzi Obiriwira a ku Dera B

Dzina loti Mayi Kolorini anamupatsa ndi ana a m'nyumba zalendi za kuseri kwa mpanda wa yunivesite. Onsewo anakula akumuona akubwera ndi chigubu cha kolorini, mankhwala othira m'madzi, kusuzumira m'ndowa za amayi awo, kununkhiza, kenako kuyamba kulalata za chivindikiro. Ankagwira ntchito ya zaumoyo pa kachipatala ka pafupi ndi msika, ndipo anaigwira mpaka imvi zinayamba kutulukira m'mbali mwa duku. Mvula ikangogwa, benchi ya pachipatalapo inkadzaza ndi ana otsekula m'mimba, maso atalowa m'kati, ndipo pafupifupi onse ankachokera m'nyumba zomwa pa chitsime chimodzi.

Ankanena. Akuluakulu ankamuyankha kuti amayi akumeneko ndi auve, aphunzitsidwe kusamba m'manja. Mawu amenewa ankamupsetsa mtima koopsa, poti iye ankawaona amayiwo akukwecha ndowa mpaka zikhadabo kutha. Tsiku lina pamsonkhano, bwana wa kukhonsolo anamudula pakamwa. "Mayi, zimene mukunenazi munazifufuza? Muli ndi pepala lanji?" Anthu anaseka. Digiri yoyamba anali nayo, yoipeza movutikira pophunzira Loweruka ndi Lamlungu, koma zinaoneka kuti imeneyo inali yongomuloleza kunyamula chigubu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: chaka chomwecho anakalembetsa digiri yachiwiri ya zaumoyo wa anthu, pa yunivesite yomweyo ya kuseri kwa mpanda.

Mwamuna wake, telala wa pakhonde la sitolo, sanalephere kumugemula. "Amayi, anzanu akulera zidzukulu, inu mukukakhala pa desiki ndi ana oti mukanabereka nokha?"

"Bambo, sokani mathalauza anuwo."

Anasokadi, koma chimene anasoka chinali chikwama cha mabuku, cha nsalu yolimba, chokhala ndi thumba la kompyuta. M'kalasi anzake ankamuitana kuti anti. Kompyutayo ankaibaya ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha, ndipo masamu owerengera matenda anamuumitsa mutu mpaka analira kamodzi kuseri kwa laibulale. Koma ikafika nkhani ya ana otsekula m'mimba, kalasi yonse inkatembenukira kwa iye.

Itakwana nthawi ya kafukufuku, sanavutike kusankha. Anapita kuchitsime chija. Nyumba yoyandikana nacho inali ya Amake Mapasa, mayi wogulitsa makala, amene dzinalo linamukakamira ngakhale mmodzi mwa mapasawo anamwalira dzinja lapitalo. Wotsalayo, kamtsikana kochepa thupi, kankangoyenda katagwira siketi ya amake.

"Mukalemba zimenezi, asiya kufa anawa?" anafunsa Amake Mapasa.

"Ndikalemba andimvera. Amati ndilibe pepala."

"Ndiye lembani, mayi. Lowani mpaka kuchipinda."

Mayi Kolorini anatunga madzi m'timabotolo, nyumba ndi nyumba, n'kukayeza. Ndowa zinali zoyera, chitsime ndicho chinali chodzaza tizirombo ta m'chimbudzi. Anayeza mtunda wa zimbudzi zokumba za m'deralo, zonse zinali kumunsi, kutali. Kumtunda kunali mpanda wokha, ndipo kuseri kwa mpandawo kunali nyumba zosanja zogonamo ophunzira. Anapempha pulambala wa payunivesite kuti amutsegulire chivindikiro cha ngalande ya zonyansa, ndipo anathiramo utoto wobiriwira, wosapweteka munthu, umene amalondolera nawo kumene madzi amapita. Mawa lake masana, ndowa yoyamba kutuluka m'chitsime inali yobiriwira ngati msipu.

Amayi anasonkhana, ena kutukwana, ena kulavula. Amake Mapasa anangoima, akuyang'ana m'ndowamo. "Ndiye kuti mwana wanga ndinkamumwetsa za ophunzira," anatero motsitsa mawu.

Pulofesa amene ankayang'anira kafukufukuyo anali munthu wofatsa, wa mawu ozizira ngati ofesi yake. Anawerenga zonse, anamuyamikira kuti ntchito ngati imeneyi sanaione kwa wophunzira aliyense, anamuitanitsira tiyi. Kenako anatulutsa cholembera chofiira. Anamukumbutsa lamulo limene wofufuza aliyense amalonjeza kutsata asanayambe: satchula munthu kapena malo, kuti ateteze amene amuuza zakukhosi. Choncho dera la chitsime lilembedwe kuti Dera B. Nyumba za ophunzira zilembedwe kuti gwero lina la madzi oipa lapafupi.

"Pulofesa, amayiwo akufuna atchulidwe. Tikuteteza ndani?"

"Lamulo ndi lamulo, mayi. Oyesa akapeza dzina m'bukumu, silidutsa."

"Nanga paipi imene ikudonthayo ndi munthu? Inandiuza zakukhosi?"

Pulofesa anamwetulira ngati wamva nthabwala ya mwana. Analonjeza kuti nkhani ya paipi aifikitsa yekha kwa eni ake, mwakachetechete, poti zinthu zoterezi zimafuna ulemu. Lamulo lija ndi labwino, palibe angakane. Analiika kuti mayi wosauka asachotsedwe m'nyumba chifukwa cholankhula. Koma tsiku limenelo analifunditsa yunivesite yonse, ndi mpanda wake womwe, mwana wa Amake Mapasa n'kutsala pamtetete.

Kunyumba Mayi Kolorini sanadye. Telala anamulangiza. "Amayi, tengani kaye pepalalo. Mukakana, mutsala wopanda pepala, paipi idonthabe. Mudzalankhule muli nalo m'manja." Anali ndi mfundo, ndipo zimenezo n'zimene zinamukwiyitsa kwambiri. Mnzake wa m'kalasi anamuonetsa mmene kompyuta imasinthira liwu paliponse pamene lalembedwa. Anadina kamodzi kokha. Dzina la dera limene anayendamo mpaka nsapato kung'ambika linazimiririka m'buku lonse, ndipo manyazi amene anamva sanawauze munthu.

Anakhoza, ndipo anakhoza bwino kuposa onse. Bukulo analitenga lisanaume n'komwe n'kupita nalo kwa bwana wa kukhonsolo uja. Bwanayo anaimirira pomulandira, anamupatsa mpando, anatsegula masamba modekha.

"Ntchito yapamwamba. Koma Dera B ndi kuti? Pa mapu athu palibe."

"Bwana, mukukudziwa. Ndi kuseri kwa mpanda wa yunivesite."

"Zimenezo mwanena pakamwa, mayi. Ife timayendera zofufuzidwa."

Anabwerera kwa pulofesa, amene anamuuza kuti akuluakulu akhazikitsa komiti. Anapita kwa amayi aja kukawaletsa kumwa za pachitsime, koma mpopi unali kutsidya kwa msewu waukulu ndipo unkauma masiku ambiri kuposa amene unkatuluka madzi. Anawonjezera mankhwala, anawauza awiritse, ngati kuti makala amagwa kumwamba. Zimene anali kuchita asanaphunzire ndi zomwe anali kuchitabe.

Mwambo wolandira madigiri unachitika mvula itayamba. Telala anaupinda mkanjo kuti usamakokoloke pansi, anausita, iye n'kuvala jekete la ukwati wawo limene linali litayamba kumukana. M'mawa wa tsikulo Mayi Kolorini anadzera kuchipatala kukasiya makiyi. Pa benchi panali Amake Mapasa, kamtsikana kali pamiyendo, milomo itauma, akudikira namwino kuti akaike diripi.

"Mwatchena, mayi. Ndi lero tsiku lija?"

"Ndi lero."

"Ndiye kuti basi, akumverani tsopano."

Mayi Kolorini anagwira kamwanako pamphumi, n'kuitana namwino kuti afulumire.

Kuyunivesite kunali anthu osaneneka, makolo, azakhali, ojambula zithunzi, maambulera okhaokha. Mkulu wa sukuluyo analankhula za kutumikira anthu osauka, ndipo anthu anawomba m'manja. Dzina la Mayi Kolorini litaitanidwa, pulofesa anaimirira yekha kumuwombera, telala akukuwa kumbuyo ngati ali ku mpira. Analandira pepala lija. Linali lopepuka.

Mwambo utatha, zimbudzi za pa holo zinali ndi mzere wautali, choncho alendo ankawalozera ku nyumba zogonamo ophunzira. Mayi Kolorini anapita komweko, mkanjo ataupanira m'khwapa. Munali moyera, matailosi onyezimira, fungo la mankhwala omwe aja amene iye anawanyamula moyo wake wonse. Atatha, anatambasula dzanja kuti agejemule, ndipo dzanjalo linaima pa chitsulo. Njira ya madzi amenewo ankaidziwa kuposa wina aliyense pa yunivesite yonseyo. Atsika, akhota pa chivindikiro chimene pulambala anamutsegulira, adutsa pansi pa mpanda, ndipo mawa masana akhala ali m'ndowa ya Amake Mapasa. Anali ndi pepala lotsimikizira zimenezo.

Wina anagogoda. "Anti, fulumirani, tikukajambulitsa."

Anangoima, dzanja lili pachitsulo. Chimbudzi cha kumanja kwake wina anagejemula, kenako cha kumanzere, kenako china kumtunda, madzi akuthamanga m'mapaipi a m'khoma.